Chipinda cha Alendo a Namondwe

Amene analakwira Bizeki Namakhwa ndi mlamu wake, Langisi Nikoloma, mchimwene wa mkazi wake wa bere limodzi. Dzinalo litchulidwe poyambirira pomwe, kuti wina akamva nkhaniyi asamati inali ngozi chabe. Ngozi siyenda ulendo wa masiku awiri kukasankha munthu. Langisi anayenda.

Bizeki anali kalipentala wa ku Muloza, ku Mulanje. Chaka chija namondwe anagumula mapiri, mtsinje wa Ruo unasefukira n'kutenga nyumba yake, mbuzi, benchi yopalirapo matabwa, ndi mwana mmodzi yekhayo amene anali naye, Mwandida, wa zaka zinayi. Anakumba m'matope masabata awiri. Sanapeze ngakhale kansalu. Analira maliro opanda bokosi, chonsecho bambo wa mwanayo ndiye ankakhomera mudzi wonse mabokosi. Kuyambira pamenepo mkazi wake, Elube, ankangokhala pakhonde la eni ake, maso ali kumtsinje.

Ndiye anatulukira Langisi, magalasi akuda ali pamphumi, nsapato zoyera ngati sayenda pansi. Iyeyu anali kapitawo pa loji ina ya alendo okaona malo, pa chilumba cha Mafunje, m'nyanja yamchere ya ku Mozambiki. Kuchokera kumtunda kukafika pachilumbapo ndi maola atatu pa boti la injini.

"Alamu, mukufera chiyani kuno?" anatero Langisi. "Mzungu wanga akufuna mmisiri weniweni. A pachilumba paja amakhoma ngati akuopa kuti thabwa lilira. Tiyeni, mutenge ndi mlongo wangayu akaone zina, asamangoyang'ana madzi amene anamudyera mwana."

Kumuchotsa munthu pamadzi a mtsinje n'kukamuika pakati pa nyanja. Nzeru za Langisi zinali zotero.

Anafika mwezi wa Juni chaka chotsatira. M'Juni chilumba chimenecho chimanama. Kamphepo kayaziyazi tsiku lonse, thambo lopanda kamtambo, madzi oyera moti ukaima pagombe umawerenga nsomba. Azungu ankagona pamchenga atadzola mafuta ngati nkhuku zoti awotche. Langisi anali ndi mawu ake amene ankauza mlendo aliyense pomukweza boti: mudzabwerenso pakati pa Meyi ndi Okutobala, mukachedwetsa Novembala, Disembala kumatentha ndipo mvula imayamba, koma Januwale mpaka Malichi musayerekeze, ndi nyengo ya namondwe, lojiyi timatseka. Ankanena akuseka, alendowo n'kumalemba m'mafoni mwawo.

Lojiyo inali ndi tinyumba tamatabwa tisanu ndi titatu, tofolera ndi masamba a kokonati, tondondozana m'mbali mwa gombe. Komalizira, kamene ankangokatchula kuti Eyiti, kanali patali pakokha, pamsonga pamene chilumba chimayang'ana nyanja yopanda tsidya. Tsiku lina akukonza chitseko cha Eyiti, Bizeki anaona timabowo ta misomali pafelemu, tosalowa ngakhale theka la chala. Anaseka yekha.

"Awa ndiye amisiri? Kungonunkhitsa msomali pathabwa basi."

Miyezi imeneyo Elube anayamba kubwerera mwakale. Ankathandiza kukhitchini, ananenepako, ndipo tsiku lina Bizeki anamumva akuseka ndi mayi Ancha, mayi wa pachilumbapo amene ankachapa zofunda za alendo. Ankamvana bwino, poti chilankhulo cha kumeneko n'chapachibale ndi Chilomwe cha kwathu ku Mulanje. Bizeki anaimitsa sowo kuti amvetsere kusekako. Panali patatha chaka osakumva.

Januwale atalowa, mlendo womaliza anakwera boti. Mzungu mwini loji anali atauluka kale kupita kwawo. Langisi anaitana Bizeki.

"Alamu, inu ndi mlongo wanga mutsala kulondera. Chakudya chilipo, wailesi ilipo. Muzigona m'kanyumba kamabuloko kosungiramo katundu kaja, denga lake ndi la simenti, olo namondwe abwere ndi abale ake sangakagwetse. Zikavuta ndituma boti. Koma ndisanapite, mukhome matabwa m'mawindo ndi m'zitseko zonse."

"Zonse?"

"Ndi Eyiti yemwe. Makamaka Eyiti. Chaka chatha tinapezamo mchenga mpaka pabedi, matiresi atavunda. Mzungu ananditukwana pamaso pa antchito ngati mwana. Anthu a kuno ulesi, amangoyedzamiritsa thabwa n'kumapita. Muwaonetse mmene timakhomera kwathu."

Mmisiri ukamuuza kuti anzake ndi aulesi, dzanja lake limalemera. Bizeki anasankha matabwa olimba gwa, oyenera kupangira boti. Anatenga misomali ya sikisi inchi n'kumailowetsa mopingasa, wina uku wina uku, mitu yake n'kuimiza m'thabwa kuti pasapezeke pogwira. Pachitseko cha Eyiti pokha panalowa matabwa asanu. Ali mkati mokhoma anaona kuti amuna amene ankanyamula katundu kupita ku boti asiya kulankhula. Mmodzi anatula katoni pansi n'kuima. Wina anayang'ana kumbali. Bizeki anati ndi nsanje.

Mayi Ancha tsiku limenelo kunalibe. Langisi anali atawapumitsa ntchito sabata yapitayo.

Ntchito itatha, Langisi anagwedeza thabwa limodzi, silinasunthe. Anamwetulira, kenaka anawerama n'kunyamula bokosi la zida la Bizeki: hamala, sowo, chitsulo chozulira misomali, zonse.

"Izi ndikakusungirani kumtunda. Mchere wa kuno umadya zitsulo."

"Miyezi isanu ndi iwiri sunazidye, alamu."

"Nyengo ino ndi ina," anatero Langisi, ali kale m'madzi olekeza m'mawondo.

Anawasiyira chikwanje chimodzi chosendera kokonati.

Kutentha kwa kumeneko si kwa ku Chikwawa, kumene dzuwa limakumenya poyera iwe n'kuthawira pamthunzi. Uku mthunzi ulibe ntchito. Mpweya umakumata ngati bulangete lonyowa, malaya sauma, mchere m'mbale umasanduka madzi. Masabata atatu anadutsa choncho, madzulo mvula ya mabingu, m'mawa dzuwa. Kenaka mvula inaleka. Mphepo inaleka. Nyanja inagona phee ngati mafuta m'chiwaya, koma pansi pake pankamveka kugunda, patalipatali, ngati akusinja kumudzi wina.

Zinayamba ndi mikeka. Elube anayanika mikeka iwiri pachingwe, pobwera kudzaanula anapeza chingwe chokha. Mphepo yoti n'kuiulutsa kunalibe. Bizeki anakaipeza pakhonde la Eyiti, itayalidwa bwinobwino moyandikana, yonyowa, ikununkha ndere za m'nyanja.

"Ndi ana a kumudzi," anatero. Koma mudzi wa asodzi unali kuseri kwa chilumba, ulendo wa ola lathunthu, ndipo chitsekere loji palibe amene anapondako.

Mawa lake madzi a m'ndowa, otunga m'thanki ya madzi a mvula, anawawa mchere. A m'thankimo anali bwinobwino. Anataya, anatunga ena. Pofika masana ndowa inali pakati, otsalawo mchere wokhawokha, ngati wina wamwa n'kutsukuliramo m'kamwa.

Nkhanu zinatuluka kugombe dzuwa likuswa mtengo, miyandamiyanda, kulowera kumtunda, kudutsa pamapazi a munthu osaopa. Mbalame za m'nyanja zinasowa tsiku limodzi.

Ndiye mapazi. Bizeki ankazungulira tinyumba tonse m'mawa uliwonse. Tsiku limenelo anapeza mapazi pamchenga, ochokera m'madzi, olunjika pachitseko cha Eyiti. Opanda nsapato. Aakulu, aang'ono, ena okoka mwendo. Pakhomopo anapondaponda, monga amachitira anthu odikira kuti awatsegulire. Obwerera kumadzi panalibe. Anatenga tsamba la kokonati n'kufufuta onse kuti Elube asaone.

Koma makutu sungawasesere. Masana a tsiku lomwelo, ali pakudya, kunamveka kuwomba m'manja kuchokera ku Eyiti. Osati kwa chisangalalo ayi. Kuja kwaulemu, kwapansipansi, kwa munthu woodira pakhomo la eni. Katatu, n'kuleka. Katatu, n'kuleka.

Elube anasiya mbale.

"Bambo a Mwandida."

"Ndi thabwa likulira ndi dzuwa. Idyani."

"Ruo amathira kuti?"

"Mu Shire. Bwanji?"

"Nanga Shire?"

"Mu Zambezi. Mafunso a ku pulayimale awa."

"Nanga Zambezi?"

Bizeki anayang'ana nyanja, n'kuyang'ana m'mbale.

Mawa lake wailesi inayamba kubwereza mawu amodzimodzi m'Chipwitikizi. Bizeki ankatolako pang'ono: namondwe wamkulu, afika mawa, maboti onse akhale kumtunda. Chakumasana anafika mayi Ancha, atasenza mtsuko wa madzi, mikeka yopinda ili m'khwapa. Anadutsa osaima, kulunjika ku Eyiti. Bizeki anawatsatira. Atafika pakhomo paja mayiwo anatula mtsuko pang'onopang'ono, anagwira thabwa limodzi, kenaka anaika manja kumutu.

"A Malawi, mwachita chiyani?"

"Ntchito yanga, mayi. Kapena mwaona polakwika?"

"Polakwika palibe. Vuto lake ndi lomwelo."

Anakhala pansi pamchenga n'kumuuza. Loji isanamangidwe, pamsongapo pankakhala chisakasa chopanda chitseko. Chinali cha anthu amene anafera m'madzi osaikidwa m'manda: asodzi, apaulendo, okokoloka ndi mitsinje ya kumtunda. Chaka chonse amakhala kunyanjako, savuta munthu. Koma namondwe ngakhale iwo amamuopa. Akamva kuti akubwera, amatuluka kudzausa. Eni chilumba amawayalira mikeka, kuwaikira madzi akumwa, n'kuchokapo osacheuka. Mphepo ikatha amabwerera okha. Mzungu atamanga kanyumba pamalopo, antchito ankangoyedzamiritsa matabwa kuti zioneke ngati akhoma.

"Mwana wa chilumba chino sangakhome chitseko ichi, olo mumupatse boti latsopano. N'chifukwa chake anakakutengani kutali, inu osadziwa kanthu."

"Langisi akuzidziwa zimenezi?"

"Zaka zisanu ndi chimodzi ali kuno. Ndinamuuza ine, ndi pakamwa panga pano. Anaseka mpaka kugwira m'mimba."

"Kandibwerekereni hamala kumudzi, ndizule."

"Palibe angakupatseni. Chitsulo chathu chikakhudza apa, mlandu usamukira kwathu." Anaimirira n'kusasa mchenga pachitenje. "Ndipo kumudzi musabwere. Tonse tikabisala mumzikiti wamiyala, ndi ana omwe. Alendowa akakanizidwa pakhomo amatsata amene wawakaniza. Namondwe amapuma pakati, ngati munthu wotula katundu, kenaka amabwerera mbali ina ali wolusa kuposa poyamba. Nthawi yopumayo ndi imene amayenda. Mkazi wanu mumusunge. Amene ali ndi wake m'madzi ndiye amamva msanga."

Anasiya mtsuko ndi mikeka pakhonde, napita osacheuka.

Bizeki anathamangira chikwanje. Anachilowetsa pakati pa thabwa ndi felemu, anakanikiza ndi thupi lonse. Chikwanje chinathyoka pakati. Anatenga mwala, mwala unasweka. Anakwera pamwamba pa thanki, pokhapo pamene pankagwira netiweki, n'kuimbira Langisi. Kumbuyo kwa mawu a Langisi kunkamveka nyimbo ndi mabotolo.

"Alamu, mwayamba kumvera za azimayi ochapa? Munthu wa mpingo ngati inu?"

"Tumizani boti lidzatenge mlongo wanu. Ine nditsala."

"Boti liti? Boma latseka nyanja. Khalani m'mabuloko muja, mawa lomweli zitha. Ndipo chitseko cha mzungu musachikhudze, mwamva?"

"Munkadziwa, alamu."

"Netiweki ikuvuta, sindikukumvani," anatero Langisi, mawu akumveka ngati ali pomwepo, n'kudula.

Potsika pathanki, thambo linali litasanduka lachikasu ngati maso a munthu wodwala. M'kanjira ka m'mbali mwa gombe munkabwera anthu, mondondozana, mwina khumi, mwina kuposa. Bizeki anayamba wasangalala, kuyesa a kumudzi asintha maganizo. Anapatuka kuti adutse, nawapatsa moni m'Chilomwe. Palibe anayankha. Anali atasenza timitolo, mitu ili pansi, zovala zikudontha madzi chonsecho mvula inali isanagwe sabata yathunthu. Musafunse kuti nkhope zawo zinali zotani. Amati akayang'ana mmodzi, maso ankatsetsereka okha n'kugwera pamchenga. Womalizira, mwamuna wa malaya ong'ambika kumsana, anaima osatembenuka.

"Ndinu amisiri aja?"

Chinali Chichewa, cha kwathu chenicheni.

"Ndine."

"Mwakhoma bwino."

Anapitirira, kulowera ku Eyiti.

Bizeki anapeza Elube pakhomo la kanyumba kamabuloko akutsuka makapu a loji, onse, n'kumawandandalika pathebulo.

"Amenewa ndi a chiyani?"

"Angochita fumbi," anatero Elube.

Bizeki anamulowetsa m'nyumba, anatseka chitseko, anaika mpiringidzo, natsamiritsapo matumba a mpunga.

Mphepo inayamba m'bandakucha. Amene sanaone namondwe wa pakati pa nyanja asamayerekeze ndi chimvula cha kwathu. Kunja kunkalira ngati malole akudutsa padenga osatha. Kokonati zinkamenya khoma ngati miyala. Ankamva tinyumba tija tikuphwasuka kamodzikamodzi, matabwa akulira ngati mbuzi zomangidwa pamsika. Madzi amchere ankalowa pansi pa chitseko. Kunacha, koma kuwala sikunabwere. Elube anakhala pathumba la mpunga, mutu utapendekeka, ngati munthu amene akumvetsera zolankhulidwa chipinda china.

Dzuwa lili pamutu, zonse zinangoti zii.

Pamng'alu wa chitseko panalowa kadzuwa. Kunalibe mbalame, kunalibe tsamba logwedera. M'bata limenelo kuwomba m'manja kuja kunamveka, kuchokera ku Eyiti. Tsopano sanali munthu mmodzi. Manja ambirimbiri, onse mwaulemu, katatu n'kuleka.

Pakati pa manjawo panamveka kutsokomola. Kwakung'ono, kouma, kawiri.

Elube anaimirira.

"Mwana uyo alibe juzi."

"Khalani pansi, mayi a Mwandida."

"Chifuwa chimenecho ndikuchidziwa. Chimayamba akanyowa."

Bizeki anamugwira mapewa, ndipo anaona m'maso mwake kuti mkaziyu mawu sangamugwire. Njira inali imodzi: alendowo alowe kwawo, asayambe kufuna khomo lina. Pagombe panali nangula wachitsulo wa boti la loji.

"Ndikukawatsegulira. Ndikaphwanya ndi nangula uja. Akalowa kwawo atisiya. Inu mutseke ndikatuluka, ndipo musatsegule. Olo mumve mawu a ndani. Mwamva?"

"Ndamva."

"Lumbirani."

"Pitani msanga, bambo a Mwandida. Akuzizidwa."

Anatuluka. Atamva mpiringidzo ukugwa kumbuyo kwake, mtima unakhalako pansi.

Chilumba chinali ngati munda wolimidwa ndi thirakitala. Mitengo ya kokonati yothyoka pakati, tinyumba tisanu ndi tiwiri palibe, patsala zipilala. Kuzungulira konse kunaima khoma la mitambo yakuda, pamwamba pokha kabowo ka thambo loyera. Eyiti yekha, amene anali pamsonga pomenya mphepo penipeni, anali chiimire, osachoka ngakhale thabwa limodzi.

Anakoka nangula, wolemera ngati mwana wa ng'ombe, mpaka pakhonde. Pakhondepo sipankaoneka munthu, koma panali pozizira ndi pothinana ngati m'basi yodzaza. Sanayang'ane kumbali. Anangoti, "Pepani, pepani, ndikutsegula," n'kuyamba kumenya. Misomali yopingasa ija inagwira monga anaiuzira. Anadzitukwana, anatukwana ndi amene anamuphunzitsa ukalipentala. Thabwa loyamba linathyoka manja atatuluka kale magazi. Lachiwiri. Lachitatu. Lachinayi litagwa anaima kuti apume, ndipo m'pamene anazindikira kuti kuzizira kuja kwachoka. Thukuta linali kutsika. Pakhonde anali yekha.

Anayang'ana pansi. Pamchenga wonyowa panali mapazi ambirimbiri ochoka pakhondepo. Sanalowere kunyanja. Analowera njira imene iye anadzera. Pambali pa aakuluwo panali ena ang'onoang'ono, otalikirana, a mwana amene akuthamanga.

Anataya nangula. Anathamanga akukuwa dzina la mkazi wake, dzina lenileni, limene anali asanalitchule chibadwire Mwandida. Ali pakati pa njira anaona patali chitseko cha kanyumba kamabuloko chili chitsegukire. Kenaka mdima unagwa, mphepo inabwerera, inamunyamula ngati chipepala n'kumuponya m'dzenje la mtengo wozuka. Anakumbatira mizu. Anakhala momwemo, mchenga ukumusenda msana, mpaka mphepo inatopa chakumadzulo.

Anafika chokwawa. Chitseko chinali chotsegula, chitatsamiritsidwa ndi thumba la mpunga kuti chisatsekeke. Mphepo yozula mitengo inali itadutsa pakhomo lotsegula limenelo maola anayi, koma m'katimo simunagwe ngakhale supuni. Pansi ponse panali poyala: mikeka, nsalu za pathebulo za loji, matumba, ngakhale jekete la Bizeki. Chilichonse chinali chonyowa pakati, pamene panakhala munthu. Makapu aja anali pansi m'mbali mwa zoyalazo, ndowa itauma.

Elube anakhala chotsamira khoma, miyendo atatambasula, thupi lonse louma. Pamiyendo pokha ndi pachifuwa ndi pamene panali ponyowa, malo aang'ono, oti n'kukwana mwana wa zaka zinayi. Nkhope yake inali yofatsa, yoti Bizeki anali asanaione chigumukire mapiri aja.

"Mayi a Mwandida."

Anamuyang'ana mwaulemu, monga umayang'anira munthu wachilendo amene wakhala naye mpando umodzi.

"Elube. Ndine."

Elube anabweza maso kunyanja. Kuchokera tsiku limenelo sanatulutse liwu.

Mayi Ancha anabwera mawa lake. Anasuzumira m'nyumbamo, anayendetsa maso pa zoyala zija, anagwada n'kumuyang'ana Elube nthawi yaitali.

"Anawalandira bwino. N'chifukwa chake akusiyirani thupi. Koma anyamula chikole."

"Chikole cha chiyani? Chitseko ndathyola. Ndichotsa ndi felemu yomwe."

"Chotsani. Koma anachititsidwa manyazi pakhomo pawo, ndipo manyazi sachoka ndi thabwa. Amene anawatsekera akhale m'chipinda chija, pakhomo pali potsegula, kuyambira pamene namondwe wayamba mpaka atatha. Awayalire yekha, awapatse madzi ndi dzanja lake, apepese. Akatero adzabweza chimene atenga."

"Ndinakhoma ndine. Ndikhalamo ndine."

"A Malawi, inu munali hamala chabe. Hamala siipepesa. Akufuna mwini dzanja, amene ankadziwa."

Langisi anafika tsiku lachisanu ndi chimodzi, nyanja itatsegulidwa. Anayamba wakajambula tinyumba togwa kuti atumizire mzungu. Atafika pa Eyiti anafunsa kuti waphwanya matabwa ndani. Kenaka ndiye anakaona mlongo wake. Anamuitana kawiri, anamugwedeza phewa. Elube anamuyang'ana ngati akuyang'ana chitsa. Bizeki anamuuza zonse, mayi Ancha ali pomwepo, osasiyako liwu.

Langisi anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Wangodzidzimuka uyu, zitha. Komabe ngati ndi zimenezo, vuto palibe. Magazi anga awa. Nyengo ikubwerayi ndidzakhalamo, alamu. Disembala ndili pano."

Anabwerera pa boti lomwelo. Loji sinamangidwenso.

Bizeki anayesa kupita naye kumudzi mkazi wake. Akangomufikitsa pa boti, thupi limauma ngati thabwa, zala za kumapazi zimakumba mchenga. Amuna anayi analephera kumukweza. Ndiye anatsala pachilumba pompo. Amakonza mabwato a asodzi ndi zida zobwereka, amamuphikira Elube, amamusambitsa, amamupesa tsitsi. Iye mwini wakhalamo mu Eyiti anamondwe awiri, kugwada, kupepesa mpaka mawu kusasa. Alendowo madzi amamwa, mikeka amanyowetsa, koma sabweza kanthu.

Langisi ali ku Nampula, akugulitsa mafoni, ndipo nambala anasintha. Kwa amayi awo ku Muloza anakanena kuti Elube anadwala malungo aakulu chifukwa mwamuna wake sankamusamala. Disembala wadutsa katatu. Elube sanalankhulebe. Langisi Nikoloma ali ndi ngongole ya namondwe mmodzi m'chipinda chija, ndipo sanabweze.